Kaseti ya Malemu ndi Kadontho Kofiira

Khutu langa lakumanzere linayamba kufa chaka chimene ndinasamukira kwa mwana wanga wamkazi ku Area 4. Silinapweteke ayi. Linangoyamba kutalikitsa anthu. Munthu ali pambali panga penipeni, koma mawu ake ngati akuyankhulira tsidya lina la mtsinje wa Lilongwe. Kuchipatala anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera, nkundiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Dzanja langa linakhalitsa pamwendo. Pomaliza adokotala anauza mwana wanga, osati ine, kuti lamanzere latha ndipo lamanja likutsatira. Ankayesa sindikumva. Ndinawerenga pakamwa pawo.

Ine chibadwire ndine munthu woyang'ana. Madzi akumwa ndimatunga ndekha. Kiyi wa sutikesi yanga amakhala pa chingwe m'khosi. Adzukulu anga amati agogo amadziwa ngakhale supuni ikasintha malo, ndipo sanama. Choncho nditamva za khutulo sindinalire. Ndinangoganiza za chinthu chimodzi chimene chinali pansi pa sutikesi, chokulungidwa m'mpango.

Inali kaseti. Malemu amuna anga anagwira ntchito ya ulonda wa masana ku Area 12 zaka zambiri, panyumba ina yaikulu ya mitengo ya mapeyala. Bwana wawo woyamba pobwerera kwawo anawasiyira wailesi ya kaseti. Iwo anali a besi m'kwaya ya kutchalitchi, ndiye Loweruka masana, eni nyumba akachoka, ankakhala m'kanyumba ka pageti nkumadzijambula akuimba kuti amve pamene akuphonya. Makaseti enawo ankawafufuta nkujambulanso. Inatsala imodzi.

Atamwalira, titameta, abale awo anabwera kudzandisudzula. Katundu wa malemu anamuika pamphasa: jekete la ulonda, njinga, nsapato, buku la nyimbo. Wailesi anati ikhale ya ana. Alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemu, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Palibe china chatsala, alamu?"

"Palibe."

"Chabwino. Koma ngati pali chomwe mwabisa, dziwani kuti mwiniwake azibwera kudzachiona."

Kasetiyo inali m'chiuno mwanga, yomangidwa pamfundo ya chitenje, ikundibaya ndi ngodya yake. Sindinagwedezeke.

Zaka zonsezi ndinkaimvera mobisa, mwina kawiri pachaka, nditatsitsa mawu kwambiri kuti aneba asamve munthu wakufa akuimba m'nyumba mwanga. Muli nyimbo zitatu. Yachitatu ikatha pamangomveka phokoso la kaseti, shiii, ndipo ine ndinkazimitsa pomwepo. Koma nditabwerako kuchipatala kuja ndinaiika m'wailesi, nkupeza kuti mawilo akuzungulira, ine osamva kanthu. Ndinagunditsa khutu lamanja pa sipika. Ndinangomva kunjenjemera. Kukweza sindikanatha, chifukwa nyumba za kuno zimamvana kutsokomola.

Ndinauza mwana wanga kuti ndikufuna mahedifoni. Anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Amayi, inu? Mwayamba za achinyamata?"

"Ndizimverera mapemphero."

Anandibweretsera tating'ono tolowetsa m'khutu. Tinkagwa, ndipo mawu ake anali ngati udzudzu. Kenako anati ndimupeze ku City Centre nthawi ya nkhomaliro, chifukwa pafupi ndi ofesi yake pali sitolo ya zoterezi. Ndinakwera minibasi nditakumbatira chikwama, ndipo ndinakhala pampando woti khutu lamanja liloze kwa kondakitala.

Sitoloyo inali yozizira ngati chipinda chosungira maliro. Wogulitsa anali mayi wa zikhadabo zazitali zopaka zobiriwira. Anatulutsa mahedifoni akuda, ofewa, opanda nthambo.

"Awa ndiye enieni, agogo. Mumangolumikiza ku foni, basi."

"Nthambo ili kuti?"

"Safuna nthambo. Mawu amangodutsa mumphepo."

"Ndiye akamadutsa mumphepomo, wina sangawatole?"

Anayang'ana mwana wanga, mwana wanga anayang'ana pansi. Kenako mayiyo anandiveka kumutu nati, "Taonani izi, amachotsanso phokoso." Anadina kabatani kuseri kwa khutu langa.

Dziko linazima. Sindikunena kuti phokoso linachepa. Linachoka. Ndinkaona pakamwa pa mwana wanga pakuyenda, galimoto ikudutsa kunja kwa galasi, munthu akukoka mpando, koma zonsezo zinali ngati zikuchitika m'madzi. M'mutu munalowa kulemera kwina, ngati wina wandiphimba ndi dothi. Ndinamva mtima wanga wokha, du, du, du. Ndinadziwa pomwepo kuti kumene ndikupita nkumeneku, ndipo mayiyu wangonditsegulira chitseko kuti ndisuzumire. Ndinawavula mwachangu mpaka duku linagwa.

"Mwaona mphamvu yake?" anatero akumwetulira.

"Ndaona. Zimenezo zikubwera zokha, sindingachite kugula."

Tili panja mwana wanga anati ndamuchititsa manyazi. Ndinamuuza kuti abwerere ku ntchito. Sindinamuuze kuti wailesi ya kaseti ilibe pogwirira zinthu zamumphepo, chifukwa akanafunsa kuti kaseti yanji.

Sabata yotsatira ndinapita ndekha kumsika waukulu wa ku Old Town, wailesi ili m'jumbo. Kumeneko mahedifoni amalendewera pamisomali ngati nyama. Aliyense ankandikoka. "Mami, orijino awa!" "Agogo, yesani awa, mukavina!" Ndinaona kuti amene akundiyesetsa ine ndi omwewo amene angochoka pamutu pa munthu wina wa thukuta. Ndinkawanunkhiza, nkubweza. Ena ndinangokoka nthambo pang'ono, inasololoka m'manja mwanga, mwiniwake nkuyamba kutukwana. Ndinachoka osacheuka.

Kumapeto kwa mzere, pafupi ndi ogulitsa maloko, kunali bambo wina wachikulire wokonza mawailesi. Iyeyu sanandiitane, ndiye chifukwa chake ndinaima. Benchi yake inali yodzaza ndi matumbo a mawailesi, ndipo pankanunkha mtovu wosungunuka. Diso lake limodzi linali loyera.

"Wailesi yafa, mayi?"

"Wailesi ili moyo. Lafa ndi khutu."

Anaika pansi chowotcherera. Anatenga wailesi, kuitembenuza, nkuloza kabowo kakang'ono kam'mbali. "Mahedifoni alowa apa. Koma inu mukufuna aakulu, ophimba khutu lonse, kuti mawu asathawire kunja ndipo a kunja asalowe. Ndipo akhale a nthambo."

"Nthambo yoti ndiziitsata ndi chala kuyambira pomwe yachokera mpaka pomwe yathera."

"Eya, yomweyo."

Anatulutsa m'katoni mahedifoni olemera, a nthambo yopotana ngati ya matelefoni akale. Sanali atsopano. Anati anachokera kwa anthu ojambula nyimbo, ndipo amphamvu kuposa onse olendewera pamisomali aja. Masiponji ake anali osweka, akuda ndi mafuta a mutu.

"Anali pa makutu a ndani?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Ali moyo?"

"Zimenezonso sindikudziwa. Koma khutu limakhudza siponji yokha. Masiponji atsopano alipo, ali m'pepala lake. Mutsegule nokha."

Ndinatsegula ndekha, ndi mano. Anawaveka ine ndikuona. Pulagi ya mahedifoniwo inali yonenepa, yosalowa m'kabowo ka wailesi, ndiye anafufuza m'chitini cha zomangira mpaka anapeza adaputa, kachitsulo kolumikizira pulagi yaikulu ku bowo laling'ono. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsani kaseti tiyesere."

"Ndani wanena kuti ndili ndi kaseti?"

"Munthu sanyamula wailesi ya kaseti kuchoka kwawo kuti adzamvere nkhani za masana."

"Yesani ndi yanu."

Sanakangane. Anaika yake ya kwaya ina. Ndinavala mahedifoni. Mawu anabwera, koma ofooka, ngati anthu akuimba m'nyumba yotseka ine ndili pamsewu. Ndinapukusa mutu.

"Ndinadziwa," anatero, akuyankhula moyang'anana nane kuti ndione pakamwa. "Mahedifoni awa ndi adyera. Wailesi yanuyi singawakhutitse. Pafunika ampulifaya pakati, yoti izilandira mawu ang'ono nkuwakuza. Bwerani Lachisanu. Wailesi musiye, ndisinthe lamba wozungulitsa mawilo ndi kupukuta mutu wake wowerenga kaseti, ingadye kaseti yanuyo."

Wailesi sindinasiye. Ndinakhala pa kreti mpaka dzuwa linapendeka, ndikuyang'ana chala chake chilichonse pamene ankasintha lamba ndi kupukuta ndi thonje la sipiriti. Ogulitsa maloko ankaseka. "Achimwene, lero mwapeza foromani!" Iye anangoti, "Asiyeni, awa ndiye amadziwa kusunga chinthu."

Lachisanu ndinapeza ampulifaya ili pabenchi. Kanali kabokosi kachitsulo, kukula kwake ngati sopo wochapira, ka chopotokola chimodzi kutsogolo. Anandionetsa kalumikizidwe kake katatu konse: kanthambo kafupi kuchoka ku wailesi kulowa kumbuyo kwa kabokosi, mahedifoni kutsogolo. Adaputa ija anaisamutsira pomwe inkafunika. Anati ndizigwiritsa ntchito mabatire, chifukwa magetsi a m'nyumba amalowetsa kung'ung'udza. Nditayesa ndi kaseti yake, kwaya inandigwera m'mutu yonse, mpaka ndinamva munthu akutsegula tsamba la buku.

Ndipo anatenga kabotolo ka penti wa zikhadabo, nadontheza kadontho kofiira pambali pa chopotokola chija.

"Tamverani, mayi. Apa ndiye malire. Mukapyola kadontho aka, mukudya khutu lomwe latsalalo. Kabokosi aka sikadziwa chisoni."

"Ndamva."

"Mwamva, kapena mwangoona pakamwa?"

Ameneyo ndi munthu yekhayo mumsika monse amene anandiseketsa.

Ndinadikira mpaka Lachitatu, tsiku limene nyumba imakhala yopanda munthu: mwana wanga ku ntchito, adzukulu kusukulu, mtsikana wantchito kumsika. Unali mwezi wotentha, dzuwa lili pamutu, malata akuthetheka. Ndinakhoma chitseko cha chipinda changa, kutseka katani, nkuyala zonse patebulo. Ndinatsata nthambo ndi chala kuyambira ku wailesi mpaka kukhutu. Panalibe polowera wina aliyense. Ndinamasula mpango, nkuika kaseti.

Anayamba ndi kukonza kukhosi. Ndinali nditaiwala kuti ankatero. Kenako besi ija inatuluka, osati kutsogolo kwanga monga kale pa sipika, koma m'kati mwa mutu wanga, ngati akuimbira m'fupa. Ndinamva mpweya umene ankakoka pakati pa mizere. Ndinamva mpando wawo wachitsulo ukulira, njiwa pamtengo, ndi paipi yothirira kapinga ikuzungulira patali, tsi, tsi, tsi. Area 12 yense wa masiku amenewo analowa m'chipinda changa, ndi bata lake lija la nyumba zazikulu zopanda ana panja. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

Nyimbo yachitatu inatha. Phokoso lija linayamba, shiii. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse monga mwa masiku onse, koma pansi pa phokosolo panali kanthu. Masamba ouma anaphwanyika, kamodzi, kenako kawiri. Anali mapazi a munthu amene sakufuna kumveka. Ndinacheuka. Chitseko chinali chokhoma. Ndinavula mahedifoni: chete, malata okha. Ndinavalanso: mapazi aja.

Kenako panamveka ngati munthu akuyankhula, koma pansi kwambiri. Ndinabweza kaseti pang'ono, nkupotokola mpaka pa kadontho kofiira. Anali mawu a amuna anga, koma osagwirika. Chala changa chinaima pa kadonthopo. Ndinakumbuka sitolo yozizira ija, ndi dothi lija m'mutu. Ndinadziwa chimene ndikugulitsa. Koma ndinaganizanso kuti khutuli likupita ndithu, kaya ndilisunge kaya ndisalisunge, ndipo likapita funso ili lidzakhala nane mpaka m'manda. Ndinapyola.

Phokoso linakula ngati mvula ya matalala padenga. M'kati mwake, pafupi penipeni ndi khutu langa, amuna anga anati:

"Ndakuonani."

Ndinadzambatuka. Mpando unagwa kumbuyo. Nthambo yopotana ija inatambasuka koma sinaduke, ndipo ndinaima pakati pa chipinda nditamangiriridwa ku tebulo ngati mbuzi. Mawu a alamu anga anandibwerera onse, ndi maso awo aja pamphasa. Ndinayang'ana kuseri kwa chitseko, pamwamba pa wadiropu, pagalasi. Anali masana, dzuwa lili phwee.

"Ndakuonani, mayi a mwana. Nsapato zanu zofiirazo zikuonekera pansi pa mpanda."

Ndinayang'ana kumapazi kwanga. Ndinali wopanda nsapato. Ndipo pamenepo ndinakumbuka.

Ndinali nazo nsapato zofiira zapulasitiki, mwana wanga akadali kumsana. Nthawi imeneyo mayi wina wa kutchalitchi anandinong'oneza kuti kunyumba yoyandikana ndi kumene amuna anga ankalondera kwabwera wantchito wamkazi woseka ndi aliyense. Ine nkhani ya kuimba Loweruka sindinkaikhulupirira kale. Munthu angaimbe yekha masana onse? Ndiye Loweruka lina ndinasiya mwana kwa aneba, nkuyenda ulendo wonse mpaka ku Area 12. Masiku amenewo kunalibe mipanda ya njerwa yambiri, inali ya mitengo yobiriwira yodulira bwino. Ndinazembera kumbali, nkuima kuseri kwa mpanda pafupi ndi kanyumba ka pageti. Ndinaima nthawi ya nyimbo zitatu. Sindinamve mawu a mkazi. Ndinabwerera kunyumba, kuphika, ndipo iwo atafika madzulo ndinawalandira ngati sindinatuluke. Sindinauze munthu. Iwonso sananene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka kufa.

Kaseti inkazungulirabe. Mawuwo anali a munthu amene watembenukira kumbali, kutali ndi wailesi, akuyankhula chapansipansi kuti woimayo asamve.

"Mwayenda mtunda wonsewu ndi dzuwa limeneli. Onani bwinobwino, ndili ndekha. Sindikuitanani, mungachite manyazi." Anaseka pang'ono, kuseka kwawo kwa m'mphuno. Kenako anati, "Khalani pansi, bondo lija likupwetekani."

Kaseti inafika kumapeto, batani linadumpha lokha, thapu.

Ndinaima pomwepo, dzanja lili pa bondo lakumanja. Linali likupweteka ndithu, chifukwa ndinadzuka mothamanga. Koma bondo limeneli linayamba kundivuta iwo atagona kale kumanda zaka zingapo. Tsiku la nsapato zofiira ndinali mtsikana wa miyendo yolimba, woyenda kuchoka ku Old Town mpaka ku Area 12 osapuma. Ndafufuza m'mutu mwanga ngati ndinagwapo pachitsime sabata imeneyo, kapena kugunda pa mtondo. Mwina zinachitika. Zaka zapita zambiri. Koma ine ndine munthu wosunga zinthu, ndipo chimenecho sindikuchipeza.

Ndinadzutsa mpando, nkukhala pansi.

Nditavula mahedifoni, m'khutu lamanja munali kulira kopyapyala ngati nkhululu. Sikunasiye mpaka lero. Madzulo ake mwana wanga anandiitana katatu ndili choyang'ana kumbali, osadziwa. Anandigwira paphewa.

"Amayi, mapemphero anuwa akukugonthetsani. Mukumvera chiyani kwenikweni?"

Ndinatsala pang'ono kumupatsa kasetiyo. Ndi bambo ake, ali ndi ufulu. Koma ndinaganiza: akamva nyimbo zokha nkunena kuti kumapetoku kulibe kanthu, ndidzatani? Nanga akamva zonse, ndi za bondo zomwe, nkundifunsa, ndidzayankha chiyani? Ndinamuuza kuti ndi kwaya yakale. Sikunali kunama.

Nditapita kukagula mabatire ena, bambo wokonza mawailesi uja anandipatsa moni ine osamva. Anatenga kabokosi m'jumbo mwanga, nkuyang'ana kadontho. Penti anali atayamba kufufutika mbali imodzi, pomwe chala chimadutsa.

"Mwapyola," anatero, pang'onopang'ono kuti ndiwerenge.

"Ndapyola."

"Munapeza chomwe munkafuna?"

"Ndinapeza chomwe sindinkafuna. Koma ndi changa."

Anadonthezanso penti pamalo omwewo. Anati tsiku lina ndibwere nayo kasetiyo aisamutsire mu foni isanaduke, ndipo iye adzatseka makutu ake ndi thonje ine ndikuona. Ndinati ndiganiza. Ndikuganizabe.

Chinthu chimodzi ndinachiyesa, poti ine sindikhulupirira ngakhale akufa. Lachitatu lina ndinamvera nditakhala pansi kuyambira poyamba, miyendo nditaitambasula pa mpando wina, bondo nditalipaka mankhwala, losapweteka nkomwe. Ndinafuna ndione ngati adzanenabe. Ananena, mawu omwewo, kuseka komweko. Mtima unatsika. Ndinati basi, ndi kaseti chabe, inajambulidwa kalekale ndipo singasinthe.

Tsopano mvula ndimaidziwa poiona pazenera. Adzukulu akafuna kundiuza kanthu amabwera kutsogolo kwanga. Nyimbo zitatu zija zayamba kutalikira, ngakhale nditapyola kadontho, ndipo ndikudziwa kuti Lachitatu lina ndidzavala mahedifoni nkungomva kulemera kwake. Sindidandaula. Khutu ndinaligwiritsa ntchito yake. Zaka zonse zija ndinkayesa kuti m'nyumba mwathu woyang'ana ndinali ine ndekha.

Koma ndikamamvera, nyimbo yachitatu ikamatha, ndimapezeka ndabweza mapazi pansi pa mpando, kuti asaonekere.